MAKAMA OZIZIRA KU ZERMATT: KODI MUDZI NDI WA YANI?

Lero tikutengerani kutali, ku dziko la Switzerland ku Ulaya, kuti tikaone mudzi wina wa m'mapiri dzina lake Zermatt. Tikudziwa kuti ena adzafunsa, "Nanga ife alimi zikutikhudza bwanji za anthu otsetsereka pa chipale?" Tikuti dekhani, muwerenge kufikira kumapeto. Eni mudzi umenewu anali alimi ndi abusa a ng'ombe, ndipo mlandu umene uli pakati pawo lero ndi mlandu wa malo ndi nyumba. Maganizo athu tinena poyamba pomwe, kuti pasakhale wodandaula kuti tinamzembera. Ife tikuti mudzi ndi wa munthu amene amapirira nawo nyengo yonse yachisanu, osati wa iye amene amangosunga kiyi wa nyumba m'thumba ali kutali.

MUDZIWO NDI CHISANU CHAKE

Mudzi wa Zermatt uli m'chigawo cha Valais, kumapeto kwenikweni kwa chigwa chopapatiza, pamtunda wa mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamwamba pake paima phiri losongoka ngati nyanga, la Matterhorn, lotalika mamita 4,478, kusiya kutali nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje imene ili ndi mamita 3,002. Anthu okhazikika m'mudzimo ndi pafupifupi 6,000. Magalimoto wamba saloledwa kulowamo. Munthu amasiya galimoto lake pa mudzi wa Täsch, makilomita 5 kumunsi kwa chigwa, nakwera sitima, ndipo m'misewu ya Zermatt mumayenda tigalimoto tamagetsi ndi ngolo za akavalo.

Chisanu cha kumeneko sichili ngati cha mwezi wa Juni kwathu kuno, chimene timachithawa pa moto wa chitsa. Kuyambira cha m'Novembala kufikira cha m'Epulo, m'malo mwa mvula kumagwa madzi oundana, ofewa ndi oyera mbee ngati thonje, amene timati chipale chofewa. Chimakwirira minda, njira ndi madenga. Palibe cholima, palibe msipu. Ndipo chikaunjikana kwambiri m'mapiri chimagumuka nthawi imodzi, ndi kutsika ngati Napolo, kukokolola mitengo, makola ndi anthu omwe.

Chifukwa chake makolo a anthu amenewa anali kugwira ntchito miyezi yofunda ali ndi chinthu chimodzi mumtima: kodi tidzatuluka bwanji m'chisanu? Anali kumweta udzu m'malo otsetsereka, kuuyanika, ndi kuusenza pamsana kukausunga. Nyama anali kuiyanika pamphepo. Buledi wa mbewu yonga tirigu yotchedwa rye anali kumphika kangapo kokha pachaka, nakhala wouma gwa. Nkhokwe zawo anali kuzimanga pa mizati monga zathu, koma pamutu pa mzati uliwonse anali kuikapo mwala wathyathyathya wozungulira kuti mbewa zisakwere. Nkhokwe zina zotere zikadaima m'mudzi wakale wa Zermatt, ndipo alendo amazijambula zithunzi. Banja lolakwitsa kuyeza udzu wake linali kutaya ng'ombe chipale chisanasungunuke. Kumeneko ulesi ndi umbombo zinali kulipidwa ndi njala.

LAMULO LA UDZU

Tsono tamverani nzeru ya anthu amenewa. Kumunsi kwa chigwa chomwecho, pamwamba pa njira yopita ku Zermatt, pali mudzi waung'ono wa Törbel, umene unasunga makalata ake akale. Pa 1 Febuluwale 1483 anthu a mudziwo anasonkhana nalemba pangano. Mfundo yake inali yakuti mlendo akagula munda kapena nyumba m'mudzimo, wagula munda ndi nyumba basi. Sanagule ufulu wodyetsa ng'ombe ku busa la kuphiri, ngakhale wodula mtengo m'nkhalango ya mudzi. Zimenezo zinali za anthu onse pamodzi, ndipo zinalibe mtengo wake pamsika.

Mu 1517 analembanso lamulo lina, limene ife tikuliyesa lopambana onse: munthu asatumize ku busa la kuphiri ng'ombe zoposa zimene angathe kuzidyetsa m'khola mwake chisanu chonse. Anaika kapitawo woyang'anira, wokhala ndi mphamvu yolipitsa wolakwa, ndipo theka la chindapusa linali lake kuti asagone pantchito. Ntchito za mudzi, monga kumwaza manyowa ku busa, kulambula njira ndi kumanganso makola ogwetsedwa ndi chipale, zinali kugawidwa monga mwa chiwerengero cha ng'ombe za munthu.

Taonani tanthauzo lake. Munthu wachuma sakanatha kugula ng'ombe zambiri chipale chitangosungunuka, kuzinenepetsa pa msipu wa anthu onse, ndi kuzigulitsa chisanu chisanafike. Wofuna zonona za nyengo yofunda anayenera kuyamba wasenza katundu wa nyengo yozizira. Katswiri wa ku America, Robert Netting, anakakhala ku Törbel nafufuza makalata amenewa, ndipo mayi Elinor Ostrom anatenga mudziwu ngati chitsanzo m'buku lake la mu 1990 posonyeza kuti anthu wamba amatha kusunga chuma cha onse kwa zaka mazanamazana osachiononga. Mu 2009 mayiyu analandira mphoto ya Nobel ya zachuma, mkazi woyamba kuilandira. Ophunzira anachita kuvulira chipewa nzeru ya abusa a ng'ombe.

Anthu a ku Zermatt nawonso sanali ogona. Pakati pa 1538 ndi 1618 anasonkha ndalama nadziombola kwa mabanja a mabwana amene anali kuwalamulira. Mabusa ndi nkhalango zinakhala m'manja mwa bungwe la eni mudzi, limene m'Chijeremani amati Burgergemeinde, ndipo bungweli lilipo mpaka lero.

ALENDO AFIKA

Pa 14 Julaye 1865 Mngelezi wina, Edward Whymper, pamodzi ndi anzake asanu ndi mmodzi, anafika pa nsonga ya Matterhorn, kumene munthu anali asanapondeko. Potsika chingwe chinaduka, ndipo anthu anayi anagwa nafa. Mbiri ya tsokali inamveka Ulaya yense, ndipo m'malo moopa, alendo anayamba kubwera mwaunyinji. Alexander Seiler, munthu wa chigawo chomwecho cha Valais koma wa kuchigwa china, anali atatsegula kale hotela ya Monte Rosa, napitiriza kuonjezera mahotela ena.

Apa eni mudzi anaona kuti akangokhala manja lende adzasanduka onyamula katundu pakhomo pawo pomwe. Wansembe wawo, Josef Ruden, amene anali mwana wa mudziwo, anawalimbikitsa kuti amange hotela yawoyawo. Mabanja anagwira ntchito popanda malipiro, kututa miyala ndi mitengo, ndipo mu 1879 hotela ya Zermatterhof inatsegulidwa. Mpaka lero ili m'manja mwa bungwe la eni mudzi. Mutu umodzi susenza denga, koma mudzi wonse unasenza hotela.

Njanji inafika mu 1891, ndipo kuyambira 1933 sitima inayamba kuyenda chaka chonse, ngakhale m'chisanu. Pamenepo zinthu zinatembenuka. Anthu a m'mizinda anakonda masewera omanga timatabwa tiwiri tatitali kumapazi, totchedwa ski, ndi kutsetsereka nato pa chipale kuchokera pamwamba pa phiri. Anamanga zingwe zachitsulo zokwezera anthu m'mabokosi olendewera, zina kufika mamita oposa 3,800. Chisanu chimene chinali mdani chinasanduka munda wa ndalama. Koma kukula mothamanga kuli ndi mtengo wake: mu 1963 matenda a taifodi anabuka m'mudzimo alendo atadzaza, anthu oposa 400 anadwala, ndipo atatu anamwalira. Mahotela anali atachuluka kuposa chisamaliro cha madzi akumwa.

MAKAMA OZIZIRA

Mlendo wogona m'hotela ife tilibe naye mlandu. Amabwera, amalipira, amapita, ndipo mawa pa kama yemweyo pagona wina. Wophika, wochapa, wosesa ndi wophunzitsa masewera onse amadyapo. Vuto linayamba pamene alendo olemera anati, "Tisamangogona m'hotela, tigule nyumba zathuzathu." Munthu wotere ali ndi nyumba yake kumzinda, ndipo iyi ya kuphiri ndi yachiwiri. Amabwera pa Khirisimasi, abweranso mlungu umodzi kapena iwiri m'Febuluwale, kenaka atseka mazenera napita. Miyezi yotsalayo nyumba ili zii. Anthu a ku Switzerland anazipatsa nyumba zotere dzina loyenera: makama ozizira.

Kodi kama wozizira amaononga chiyani, popeza mwini wake analipira ndalama zake? Tiyeni tiwerenge pamodzi.

Choyamba, malo omangapo nyumba m'chigwa chotere ndi ochepa kwambiri. Uku phiri, uku mtsinje, uku njira ya chipale chogumuka kumene boma sililola kumanga. Nyumba iliyonse yotsekedwa yatenga malo a banja limene likanagonamo masiku onse.

Chachiwiri, mtengo wa nyumba sutsata malipiro a anthu a m'mudzimo, koma thumba la munthu wolemera wa ku Zürich, Geneva kapena London. Tiyerekeze bambo wamwalira, wasiyira ana atatu nyumba imodzi. Mmodzi afuna kukhalamo. Ayenera kulipira abale ake awiri gawo lawo monga mwa mtengo wa pamsika, ndipo mtengowo ndi wa anthu olemera. Iye ndi kalipentala kapena mphunzitsi, ndalama zotere azitenga kuti? Mapeto ake nyumba igulitsidwa, atatuwo agawana ndalama, ndipo mwana wa mudzi atsika kuchigwa kukachita lendi. Palibe anamthamangitsa ndi chikoti. Anachoka yekha, atasaina ndi dzanja lake.

Chachitatu, mudzi uyenera kumanga mipope ya madzi, ngalande za zonyansa ndi mawaya a magetsi zokwanira khamu la mlungu wa Khirisimasi, ndi kuzisamala chaka chonse. Mwini nyumba yachiwiri amalipirako ndithu kanthu, sitikana, koma msonkho waukulu wa pa malipiro ake amakhoma kumzinda kumene amakhala. Ana ake sali m'sukulu ya mudzi. Moto ukabuka usiku, iye sali m'gulu la ozimitsa. Pamaliro saoneka.

Chachinayi, ndi chowawa koposa: anthu amene amayendetsa mudziwo m'chisanu asowa pogona. Ambiri a ophika, osesa ndi omanga amagona ku Täsch, ndi kukwera sitima m'mamawa kukagwira ntchito. Anthu oposa theka a ku Täsch ndi ochokera maiko ena, makamaka ku Portugal. Motero wantchito ayenda mumdima ndi m'chisanu, napyola nyumba zazikulu zotseka mazenera, zokhala ndi makama oyala bwino opanda wogonapo.

M'Januwale 2018 chipale chinagwa chochuluka kotero kuti njanji ndi msewu zinatsekedwa poopa kugumuka, ndipo alendo pafupifupi 13,000 anatsekeredwa m'Zermatt. Ofuna kutuluka anachita kunyamulidwa pa helikopita. Kodi ndani anakwera kukaphulitsa chipale cholendewera kuti chigwe pasadakhale munthu pansi? Ndani anafukula njanji? Ndani anaphika buledi wa khamu lonselo? Si kiyi wa m'thumba la munthu wa kumzinda ai. Ndi anthu okhala pamalopo. Tsiku la tsoka ndilo limasonyeza mwini mudzi.

BOMA LIYESA KUTCHINGA

Boma la Switzerland linaona vutoli kalekale. Lamulo loyamba loletsa anthu akunja kugula malo mwachisawawa linakhazikitsidwa mu 1961. Limene likugwira ntchito tsopano linayamba mu 1985, ndipo limadziwika ndi dzina lakuti Lex Koller, potengera Arnold Koller amene anali nduna ya zachilungamo. Munthu wakunja wosakhala m'dzikomo ayenera kupempha chilolezo asanagule nyumba yochezeramo. Zilolezo zotere sizipitirira 1,500 pachaka m'dziko lonse, ndipo kukula kwa nyumbayo kuli ndi malire ake.

Koma mpanda umenewu uli ndi zipata ziwiri. Chipata choyamba nchakuti lamuloli silikhudza nzika. Wolemera wa ku Basel agula monga afuna, ndipo kama wake azizira chimodzimodzi ndi wa Mngelezi. Apa tiphunzirepo: kama safunsa mtundu wa mwini wake. Amene amati vuto ndi anthu akunja okha akuloza nyani wa kutsidya, pamene wa m'munda mwawo akukudzula chimanga.

Chipata chachiwiri nchakuti ndalama zikachuluka lamulo limapinda bondo. Umboni wake uli ku Andermatt, mudzi wina wa m'mapiri m'chigawo cha Uri. Mudziwo unali kudalira asilikali a boma, ndipo pamene asilikali anachepetsedwa ntchito zinatha. Mu 2005 kunafika mpondamatiki wa ku Egypt, Samih Sawiris, ndi chikonzero chomanga mahotela ndi nyumba zogulitsa. Boma linamasula ntchito yakeyo ku lamulo la Koller, kuti anthu akunja azigula popanda chilolezo. Eni mudzi anavomera mwaunyinji mu 2007, ndipo sitiwaseka, pakuti munthu wanjala sasankha mbale. Hotela yaikulu ya The Chedi inatsegulidwa mu 2013. Mu 2022 kampani ya ku America ya Vail Resorts inagula magawo 55 pa 100 a kampani yoyendetsa zingwe ndi mabwalo a masewera kumeneko, ndipo mu 2024 inagulanso ya ku Crans-Montana m'chigawo cha Valais. Ntchito zinabwera, inde. Koma mfundo zazikulu za phirilo tsopano zimamangidwa kutsidya la nyanja.

VOTI YA MU 2012

Ku Switzerland anthu 100,000 akasaina pempho, dziko lonse limaponya voti pa nkhaniyo. Mkulu wina womenyera chilengedwe, Franz Weber, anatsata njira imeneyi. Pempho lake linali lakuti m'mudzi uliwonse nyumba zachiwiri zisapitirire 20 pa nyumba 100 zilizonse, ndipo kumene zapitirira kale, asamangenso zina. Pa 11 Malichi 2012 pempholo linapambana pang'onong'ono, ndi mavoti 50.6 pa 100. Lamulo lake lonse linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2016. Zermatt ndi umodzi wa midzi imene inali itapyola kale malirewo.

Anthu anaomba m'manja, koma a nyumba ya malamulo anasiya khomo lakumbuyo losatseka. Anati nyumba zonse zimene zinalipo tsiku la voti lisanafike zingathe kugulitsidwa kwa aliyense, ngakhale wofuna kuzisandutsa nyumba zachiwiri. Tsono ganizani. Wolemera waletsedwa kumanga yatsopano. Apita kuti? Apita kukagogoda pa nyumba yakale, imene mukugona banja la pamudzi kapena antchito a lendi. Mtengo wa nyumba zakale unakwera, ndipo lamulo lofuna kuteteza dambo kuti lisamangidwe linasiya munthu wa m'nyumba pambalambanda. Ndiponso kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulolo linafewetsedwa: mwini nyumba yakale angathe kuigwetsa, kumanga ina yokulirapo ndi magawo 30 pa 100, ndi kuigawa kukhala nyumba zingapo zogulitsa.

Pa 28 Seputembala 2025 anthu anavomeranso pa voti kuti zigawo zikhale ndi mphamvu yokhometsa msonkho wapadera pa nyumba zachiwiri. Ife tikuti ndi bwino, koma tisanamizane: mphamvuyo inabwera ngati chipepeso, pakuti voti yomweyo inatsegula njira yochotsera msonkho wina umene eni nyumba akhala akukhoma. Ndiponso msonkho sutenthetsa kama. Wolemera alipira mosaumira, natsekabe mazenera ake.

TIMVENSO MBALI INAYO

Mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Tiyenera kukuuzani poyera kuti anthu a ku Valais eni ake anakana pempho la Weber, pafupifupi atatu mwa anayi alionse. Amene analipambanitsa ndi anthu a m'mizinda ya kuchigwa. Zifukwa za anthu a kumapiri sizinali zopusa. Ambiri a iwo ndi amisiri omanga, akalipentala ndi okonza mipope, ndipo kumanga nyumba zachiwiri ndiko kunali kudya kwawo. Ena anati, "Makolo athu anali amphawi, ambiri anathawira ku Argentina kukafuna minda. Lero kamunda kamiyala kamene anatisiyira kapeza mtengo, ndiye munthu wa kumzinda atiletse kugulitsa?" Enanso anangoipidwa ndi kulamulidwa ndi anthu amene amaona phiri pa tchuthi pokha.

Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo ife amene timadziwa kuwawa kwa kulamulidwa ndi munthu wakutali sitingawapeputse. Zoona, alendo anachotsa njala m'zigwa zimenezi. Koma yankho lathu ndi ili. Hotela imabala chaka ndi chaka monga ng'ombe ya mkaka. Malo ogulitsa ali ngati ng'ombe yopha: mudya nyama mwezi umodzi, kenaka khola lili mbee. Mmisiri amene wamanga nyumba zachiwiri zaka makumi atatu, mwana wake akafuna kukwatira apeza kuti bambo wake anamanga mudzi wonse koma iye alibe pogona. Ufulu wogulitsa ndi wa munthu mmodzi tsiku limodzi, koma kusowa malo ndi kwa mbumba yonse mpaka kalekale. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndiponso sitifuna kuti mutimve molakwa, ngati kuti tikutamanda eni mudzi pa zonse. Bungwe la eni mudzi la ku Zermatt linamkana Alexander Seiler kwa zaka zambiri kuti asakhale mmodzi wa iwo, ngakhale anali kukhala pakati pawo, kufikira boma linawakakamiza mu 1889. Lero mayi wa ku Portugal amene wachapa nsalu za m'hotela zaka makumi awiri, ana ake nabadwira m'chigwamo, alibe gawo m'bungwe lotere. Kodi iye ndi mlendo? Ife tikuti iai. Muyeso wa lamulo la udzu sunali kufunsa kuti thumba lako ndi lolemera bwanji, unali kufunsa kuti wadyetsa ng'ombe zingati m'chisanu. Tikautenga muyesowo ndi kuyeza nawo anthu a lero, mayi uja ndi wa pamudzi koposa mdzukulu wa mwini mudzi amene anasamukira ku Geneva nasiya nyumba ya agogo ake yotseka.

CHIPALE CHIKADZACHEPA

Pali chinthu china chimene ogula ndi ogulitsa ayenera kukumbukira. Chuma chonsechi chakhazikika pa madzi oundana, ndipo dziko likutentha. M'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023, madzi oundana akalekale a m'mapiri a Switzerland anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. M'Julaye 2022 ku Zermatt anaimitsa kwa kanthawi masewera a ski a nyengo yofunda, amene amachitikira pamwamba penipeni, chifukwa chipale chinachepa. Pakali pano midzi ya m'munsi ndiyo ikuvutika koposa, ndipo ndalama zikuthamangira ku midzi ya pamwamba monga Zermatt, kumene chipale chikadali chodalirika. Koma tsiku limene phiri lidzaleka kukondweretsa, wogula adzagulitsa napita kwina. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wotsala ndi ngongole za mipope ndi nyumba zopanda anthu adzakhala yemwe uja wa pamudzi.

ZOTI TISUNGE MUMTIMA

Tsono, abale, pa mlandu wa ku Zermatt ife tikugamula motere.

Poyamba, lamulo liziteteza munthu wogona m'nyumba, osati kuwerenga nyumba zokha. Nyumba imene mwakhala mukugona anthu a pamudzi ikhalebe ya anthu ogonamo chaka chonse, ngakhale isinthe mwini kakhumi. Khomo lakumbuyo lija liyenera kutsekedwa.

Kachiwiri, womanga hotela kapena nyumba za alendo amangenso pogona antchito ake m'mudzi momwemo. Sikoyenera kuti munthu akhale wabwino pokazinga nyama ya mlendo, koma wosayenera kugona pafupi naye.

Kachitatu, malo a mudzi wonse asagulitsidwe. Ngati pafunika kuti wina amangepo, abwereke kwa zaka zowerengeka, mwini wake akhalebe mudzi. Anthu a mu 1879 anatuta miyala ndi manja awo, ndipo zidzukulu zawo zikudyabe. Akanagulitsa malowo, ndalamazo bwenzi zitatha kalekale, ndi dzina la wogulitsa litaiwalika.

Kachinayi, lamulo likhale limodzi kwa wa thumba laling'ono ndi wa thumba lalikulu. Mpanda wotchinga mbuzi koma wotsegukira njovu si mpanda.

Takuuzani za anthu akutali, a chinenero china ndi nyengo ina, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Paliponse pamene pali malo okongola, tsiku lina padzafika munthu waulemu, wovala bwino, ndi pepala loti musaine. Musamtukwane, mpatseni mpando ndi madzi akumwa. Koma musanagwire cholembera mumfunse mafunso a anthu a ku Törbel: Kodi mudzakhala nafe nyengo yovuta? Njira ikaduka mudzagwira nafe khasu? Ana athu adzagona kuti? Akayankha bwino, ndi mnansi, mlandireni. Akangoloza thumba lake, dziwani kuti mukugulitsa mudzi kwa kama wozizira.

Amene mwawerenga kalatayi musaipinde ndi kuiika pansi pa mphasa. Muwawerengere mokweza akulu ndi amayi amene maso awo atopa, ndipo mukambirane pabwalo.